Funsani Mmisiri: Kuonera TV pa kompyuta ya Linux

Makalata ambiri mwezi uno abwera pa nkhani imodzi, ya tizipangizo tolandirira TV pa kompyuta. Sindikudabwa. Mpira umodzi wokha pa intaneti umatha bandulo ya sabata, pomwe mafunde a TV akungodutsa pamwamba pa denga lanu osakudyerani megabayiti ngakhale imodzi. Ndasankha makalata amene mayankho ake angathandize anthu ambiri. Ofunsa za mapulinta mundidikire mwezi wamawa.

Achimwene, ndine wophunzira, ndikuchita lendi ku Luwinga. Ndinagula kachipangizo ka USB kooneka ngati fulashi, kali ndi kaeriyo ndi karimoti kake. Pa katoni analemba DVB-T+DAB+FM. Laputopu yanga ili ndi Ubuntu 22.04 ndipo ikukazindikira bwinobwino, koma ndikasaka matchanelo pa Kaffeine sipakupezeka ngakhale imodzi. A nyumba yoyandikana nayo akuonera pa dekoda popanda vuto. Ndalakwitsa pati?
Wophunzira, Luwinga

Mphwanga, pa Ubuntu sunalakwitse paliponse. Vutolo unaligula limodzi ndi katoniyo.

Tsegula terminal, zenera lolembamo malamulo a kompyuta, ulembe lsusb. Uona mzere wotchula Realtek, wokhala ndi nambala 0bda:2838 kapena 0bda:2832. Mkati mwa kachipangizo kako muli chip yotchedwa RTL2832U, ndipo chip imeneyi imamva DVB-T basi, njira yoyamba ya TV ya digito imene inakonzedwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1990. Kuno kwathu akuulutsa pa DVB-T2. Mayiko a SADC anagwirizana mu 2010 kutsatira njira imeneyi, pamodzi ndi MPEG-4 popanikiza zithunzi, pokonzekera tsiku la 17 Juni 2015 limene ITU, bungwe la dziko lonse loona za mafunde ndi mauthenga, linaika kuti mayiko a mu Africa, Ulaya ndi Middle East akhale atasamuka kuchoka ku TV yakale ya analogi. Dekoda ya Kiliye Kiliye, ya MDBNL, kampani yoyendetsa mafunde a TV ya digito m'Malawi muno, ndi ya DVB-T2. Ya GOtv chimodzimodzi.

Nambala 2 imene ikusowa pa katoni yakoyo si nkhani ya pulogalamu. DVB-T2 imalongedza uthenga pa mafunde mwanjira ina, imakonza zolakwika za panjira ndi masamu enanso, ndipo ntchito yonseyo imachitikira mu chip momwemo, uthenga usanafike n'komwe ku kompyuta. Chip ya T2 imamvanso T yakale, koma ya T siingamve T2. Palibe dalaivala (pulogalamu yoyendetsa chipangizo), palibe firmware (malangizo oikidwa mu chip), palibe update imene ingasinthe zimenezi. Wogulitsa akakuuza kuti ukangoika pulogalamu ina zitheka, dziwa kuti akufuna uchoke pa benchi pake mwamtendere.

Koma usakataye. Kuyambira mu 2012 anthu anatulukira kuti RTL2832U ikhoza kutumiza mafunde osaphika ku kompyuta, ndipo tizipangizo timeneti tinasanduka mawailesi otchipa omvera pafupifupi chilichonse. Ika rtl-sdr ndi gqrx, umvere FM. Ngati tuner yake, kachigawo kosankha frikwensi, ndi R820T kamamvanso pa 1090 MHz, pamene ndege zimalengezera malo amene zili, ndiye wophunzira wa sayansi ali ndi choseweretsa cha chaka chonse. Chokhacho, uyambe waletsa dalaivala wa TV wotchedwa dvb_usb_rtl28xxu kuti asamakagwire kachipangizoko gqrx isanakafike.

Tsono pogula kena. Ine dzina la pa katoni sindilisamala kwenikweni, ndimafunsa chip ili mkati. Zodziwika kuti zimalandira DVB-T2 ndipo Linux ili ndi madalaivala ake ndi Si2168 ya Silicon Labs, MN88472 ndi MN88473 za Panasonic, ndi za Sony monga CXD2820R ndi CXD2837ER. Si2168 uipeza mu Hauppauge WinTV-soloHD ndi dualHD, mu PCTV 292e ndi mu MyGica T230. Kachipangizo kamene Microsoft inapangira Xbox One ku Ulaya kali ndi MN88472, ndipo Linux yakhala ikukadziwa kuyambira kernel 4.16 (kernel ndiye mtima wa Linux). Koma chenjera, opanga amasintha za mkati dzina n'kulisiya lomwelo kapena kungowonjezerapo chilembo: T230, T230C ndi T230C2 si chinthu chimodzi. Chodalirika kuposa dzina ndi nambala ya lsusb ija, ngakhale nayonso nthawi zina siisintha za mkati zikasintha. Uifufuze pa linuxtv.org usanatulutse ndalama, ndipo ngati wogulitsa ali mu Mzuzu muno, pita ndi laputopu yako ukayesere pomwepo.

Ukamatuma munthu, tuma wa ku Joni kapena wopita ku Dar es Salaam kukaoda katundu, chifukwa South Africa ndi Tanzania nawonso ali pa DVB-T2. Za ku America ndi za ATSC, za ku Japan ndi Brazil ndi za ISDB-T, za msika wa m'dziko la China momwemo ndi za DTMB. Ngakhale Botswana, mnzathu wa mu SADC, anasankha ISDB-T. WinTV-dualHD ilipo iwiri ya dzina limodzi, ya ku Ulaya ndi ya ku America, ndiye m'bale wa ku Texas angakutumizire ndi mtima wabwino chinthu chimene kuno sichigwira kanthu.

Bambo Mmisiri, changa n'cholembedwa DVB-T2 ndithu, ndipo pa Windows chinkaonetsa. Mwana wanga anandiikira Linux Mint chifukwa laputopu inkachedwa kwambiri, ndipo ndakondwa nayo, koma TV ija yasowa. Ndinatsatira zimene munalemba mwezi wina, ndipo lsusb ikuonetsa 15f4:0131. Ndichitenji kuti ndizionera nkhani zamadzulo?
Mayi mphunzitsi, Katoto

Mayi, mwandipeputsira ntchito potumiza nambalayo. Chimenecho ndi Astrometa, ngakhale amachigulitsa ndi mayina ambirimbiri. Chimagwira ntchito pa Linux, koma chili ndi misampha iwiri, ndipo anthu ambiri amagwa mu yonse iwiri tsiku limodzi.

Chizuleni, muchilowetsenso, kenako mu terminal mulembe:

sudo dmesg | grep -i -E "dvb|frontend|firmware"

dmesg ndi pamene kernel imalemba zonse zimene yaona ndi zimene zaikanika. Musaope kuchuluka kwa mizere, mukufuna iwiri yokha. Wina ukunena frontend 0 ndi dzina la Realtek RTL2832, winawo frontend 1 ndi dzina la Panasonic MN88473, kapena la Sony ngati chanu ndi cha zaka zaposachedwa. Msampha woyamba ndi umenewo. M'kachipangizo kamodzi muli ma chip awiri olandirira. Woyamba ndi wa DVB-T yakale, wofanana ndi wa mnyamata wa ku Luwinga uja, wachiwiri ndiye wa DVB-T2. Mapulogalamu ambiri, mukapanda kuwauza, amatenga frontend 0, n'kusaka mpaka kumapeto osapeza kanthu, inu n'kumati Linux yakana chipangizo chanu.

Mukalemba ls /dev/dvb/adapter0 muona demux0, dvr0, net0, frontend0 ndi frontend1. Ikani zida zoyesera ndi sudo apt install dvb-tools, kenako:

dvb-fe-tool -a 0 -f 1

Pa mndandanda umene utuluke payenera kuoneka mawu oti DVBT2. Mukasintha 1 kukhala 0 muona kuti palibe. Ikakuyankhani kuti Permission denied, dzina lanu silili m'gulu la video: lembani sudo usermod -aG video ndi dzina limene mumalowera, mutuluke, mulowenso.

Msampha wachiwiri ndi firmware. Chip ya Panasonic ija imadzuka ilibe kanthu m'mutu. Nthawi iliyonse ikayatsidwa kompyuta imayenera kuipatsa kafayilo kakang'ono ka malangizo. Pa Windows kafayiloko kanabisika mkati mwa dalaivala wa pa CD. Pa Linux kamayenera kukhala mu /lib/firmware, ndipo chifukwa cha malamulo a umwini si mafayilo onse amene Mint kapena Ubuntu amabwera nawo. Chonyenga n'chakuti uthenga wodandaula suoneka pamene mwangolowetsa chipangizo. Umabwera pulogalamu ikayesa kutsegula frontend koyamba. Ndiye yesani kusaka kamodzi, mubwerere ku dmesg, muone ngati pali mzere wonena kuti Direct firmware load for dvb-demod-mn88473-01.fw failed with error -2. Nambala -2 imeneyo ikungotanthauza kuti fayilo sinapezeke.

Fayiloyo ili pa GitHub, m'nkhokwe ya LibreELEC yotchedwa dvb-firmware. Ndi yaing'ono, siingakuthereni bandulo. Poikoka dinani pa Raw kapena Download, chifukwa ambiri amene amabwera ku shopu kwanga akuti firmware yakana amakhala atasunga tsamba la intaneti lenilenilo pansi pa dzina la firmware. Lembani file ndi dzina la fayiloyo. Ikati HTML document, mwakoka tsamba. Ikakhala yeniyeni:

sudo cp dvb-demod-mn88473-01.fw /lib/firmware/

Dzina musalisinthe ngakhale chilembo chimodzi. Zulani, lowetsaninso. Kwa amene ali ndi Si2168 nkhani ndi yomweyi, dzina lokha ndiye lina, kawirikawiri dvb-demod-si2168-b40-01.fw. dmesg ndiyo ikuuzeni lenileni, musaganizire.

Tsopano kusaka. Mapulogalamu a Linux amabwera ndi mindandanda ya mafrikwensi a mizinda ya kunja, ndiye njira yachidule kwa ife ndi kupita kwa neba wa dekoda, kutsegula menu yake pamene pamaonetsa mphamvu ya siginolo, n'kulemba frikwensi papepala. Dekoda ikangoonetsa nambala ya tchanelo cha UHF, chulukitsani ndi 8 muwonjezere 306: tchanelo 21 ndi 474 MHz, 30 ndi 546 MHz, 48 ndi 690 MHz. Kenako pangani fayilo, tiitche chiyambi.conf, mulembemo motere, nambala ya frikwensi muike yanu m'malo mwa ya chitsanzoyi:

[CHANNEL]
DELIVERY_SYSTEM = DVBT2
FREQUENCY = 474000000
BANDWIDTH_HZ = 8000000

Awerengeni bwino maziro, chifukwa pano frikwensi imalembedwa mu Hz, osati MHz. Ndiye:

dvbv5-scan -a 0 -f 1 -o matchanelo.conf chiyambi.conf

Mukaona mawu oti Lock, ndi 0x1f pambali pake, mwafika. Mayina a matchanelo ayamba kutsika okha. Ikagwira Lock koma matchanelo n'kubwera ochepa poyerekeza ndi a neba, wonjezerani mzere wa STREAM_ID = 1 mu fayilo ija muyesenso, chifukwa DVB-T2 imalola woulutsa kugawa frikwensi imodzi m'mipopi ingapo.

Zonsezi ndi zoyesera, Mayi, simuzilemba madzulo alionse. Mukatsimikiza kuti Lock ikubwera, ikani Kaffeine, mupite ku Television, Configure Television, musankhe chipangizo cha Panasonic kapena Sony, osati cha Realtek, musake kamodzi basi. Kuyambira pamenepo ndi kungodina. Ine ndimakonda Kaffeine kuposa VLC pa ntchito imeneyi. VLC imatha, koma imafuna muziikumbutsa frikwensi, ndipo munthu wochoka kukalasi atatopa safuna zimenezo.

Amisiri, ndinagula desktop ya kaunjika ndipo kumbuyo kwake kuli khadi lokhala ndi pobaya eriyo. lspci ikuti SAA7134. Lingandionetse MBC?
Mnyamata wa pa Zigwagwa

Ayi, achimwene. Chip ya Philips imeneyo, monganso Bt878 imene imapezeka m'makompyuta a nthawi yomweyo, inapangidwira TV ya analogi. Makhadi ena a SAA7134 anali ndi DVB-T yowonjezera, koma T2 ayi. Ntchito imene lingakugwirirenibe ndi ya pobaya chingwe chachikasu cha video: lumikizani dekoda kapena VCR pamenepo, muonere pa tvtime, kapena musamutsire matepi akale a ukwati pa kompyuta asanadyedwe ndi nkhungu ya kuno.

Adada, ine zonse zikugwira, matchanelo ndinawapeza. Koma chithunzi chimaima n'kusweka timabokositimabokosi, mawu n'kumadukaduka, makamaka kukagwa mvula. Nyumba yanga ili kumunsi, kufupi ndi dambo. Mnzanga akuti laputopu ndi yofooka, ndigule ina. Ndi zoona?
Bambo wa ku Mchengautuba

Bambo, ndalama ya laputopu isungeni. Pali njira yodziwira wolakwa musanagule chilichonse. Jambulani mphindi zingapo za tchanelo chimene chikuvutacho, fayiloyo mukaiseweretse pa kompyuta ina kapena pa foni. Ikasweka pa malo omwewo, zinyalalazo zinalowera ku eriyo. Laputopu ikakhala yofooka chithunzi chimachedwa kapena kudumphadumpha, koma fayilo imakhala yoyera. Ndipo laputopu iliyonse ya zaka khumi zapitazi MPEG-4 imaitha.

TV yakale siginolo ikafooka inkachita mchenga koma munkaonabe amene wagoletsa. Ya digito imakonza yokha zolakwika mpaka pa malire ena, chithunzi chili mbee, ndipo ikangodutsa malirewo pang'ono chabe zonse zimagwa nthawi imodzi. Inu mukukhala m'mphepete mwa malirewo. Kunja kukauma muli mkati, kukanyowa mwatuluka.

Simunanene eriyo imene mukugwiritsa ntchito, koma ndikukayikira kandodo kamaginito kobwera m'katoni. Kameneko kanapangidwira munthu wokhala m'munsi mwa mlongoti woulutsira. Mzuzu ndi wa zitunda ndi zigwa, mafunde a UHF sakhota bwino kuseri kwa chitunda, ndipo denga la malata limawatchinga. Kwa inu a kudambo mankhwala ake ndi eriyo ya panja ya UHF, yomwe ija ya dekoda, pa mtengo wautali wopitirira denga. Kumene muilozetse musandifunse ine, yang'anani madenga a anzanu amene TV yawo siivuta. Muonenso ngati tizitsulo take tagona kapena taima, inunso muike chimodzimodzi, chifukwa kulakwitsa pamenepo kumataya siginolo yochuluka kuposa imene booster, kachipangizo kokwezera siginolo, ingabweze.

Pozungulitsa eriyo musadalire maso pa chithunzi. Tchanelo chili chotsegula, mu terminal ina lembani dvb-fe-tool -m, muwonjezere -f 1 ngati chanu ndi cha ma frontend awiri. Mutuluka mizere yosinthasintha. Signal ndi mphamvu chabe, ndipo phokoso nalonso lili ndi mphamvu. Muyang'ane C/N, imene ikuonetsa kuti siginolo yaposa phokoso ndi mulingo wanji, ndi UCB ngati chip yanu imaiwerenga, chiwerengero cha zidutswa zimene zalephera kukonzeka. C/N ikwere, UCB iime. Mwana akhale pa laputopu azikuwa manambala, inu muzitembenuza mtengo pang'onopang'ono, kudikira kaye pa malo alionse chifukwa manambalawo amachedwa kusintha.

Tsono za mvula. Madontho a mumlengalenga savutitsa UHF monga amachitira ndi dishi ya satelayiti. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti madzi amalowa pamene waya wakumana ndi eriyo, n'kutsika mkati mwa wayayo. Ndi mvula ya kuno, imene imatha kugwa mpaka mu Epulo ndi Meyi kwina kutauma kale, waya wotchipa sachedwa kuola. Sendani nsonga yake muone. Ukonde wa mkati ukakhala wakuda kapena wobiriwira, sinthani waya yense, kudula nsonga yokha sikuthandiza. Gulani RG6, akhale mmodzi wosalumikiza pakati, mumange tepi bwino kumtunda, ndipo asanalowe m'nyumba mumugwetse pang'ono kenako akwere, kuti madzi azidonthera panja.

Zina ziwiri zazing'ono. Tizipangizo tambiri tili ndi kabowo kakang'ono ka MCX, ndipo kolumikizira kake kamamasuka waya wolemera akamakakoka. Kamangirireni pa tebulo. Komanso laputopu ndi chaja chake zimatulutsa phokoso la magetsi, ndiye kachingwe kakafupi ka USB kotalikitsira chipangizo nthawi zina kamakweza C/N moonekeratu. Booster ndimaiika kumapeto kwa mndandanda. Imakweza siginolo ndi phokoso lomwe, ndipo pafupi ndi nsanja ya mafoni imatha kuipitsiratu zinthu.

Kukayamba ziphaliwali zulani waya wa eriyo. Mtengo wautali pamwamba pa denga wolumikizidwa ku USB ya laputopu si chinthu chochisiya usiku wa mabingu.

Achimwene, matchanelo ena akuoneka pa mndandanda koma ndikadina kuli mdima, pambali pali kachizindikiro ka loko. Akuti pa Linux pali njira yotsegulira. Tiuzeni.
Wokonda mpira, Chibavi

Amenewo ndi olipira. Chipangizo chanu chikuwalandira bwinobwino, koma anawakhoma, ndipo kiyi ali mu dekoda ya mwini wake. Njira ndi kulipira n'kuonera pa dekodayo. Za kuthyola loko sindilemba pano, ndipo mapulogalamu ambiri amene amafalitsidwa pa WhatsApp ndi lonjezo limenelo ndi nyambo yoti muike zoipa pa kompyuta yanu. Musanagule chipangizo, werengani kaye kuti mwa matchanelo amene mumaonera ndi angati ali otsegula. Ngati mtima wanu uli pa mpira wa ku England, kachipangizoka sikakuthandizani.

Bambo, ndili ndi khadi la PCIe la ma tuner awiri mu desktop. Madalaivala ndinachita kumanga ndekha potsatira malangizo a opanga, ndipo linagwira ntchito miyezi ingapo. Dzulo ndapanga update, lero /dev/dvb kulibe. Kodi lapsa?
Mwini kashopu kosindikiza, Chiputula

Silinapse, lembani lspci muliona lili pomwepo. Update yabweretsa kernel yatsopano, ndipo madalaivala amene munamanga anali a kernel yakale. Aliyense amakhala mu chikwatu cha kernel yake pansi pa /lib/modules, ndiye yatsopanoyo sikuwaona. Lembani uname -r muyerekeze ndi zikwatu zimenezo.

Za lero, yatsaninso kompyuta, mugwire Shift kapena mudine Esc kuti GRUB, menu yoyambira kompyuta, ioneke, mulowe mu Advanced options, musankhe kernel yakale. TV ibwerera. Mukapeza mpata ndi bandulo, ikani linux-headers za kernel yatsopano mumangenso monga munachitira poyamba. Ikamanga bwino koma n'kukana kulowa, dmesg n'kumadandaula za key kapena signature, ameneyo ndi Secure Boot amene amakana madalaivala osasainidwa. Muwasaine kapena mumuzimitse mu BIOS.

Izi zizichitika pa kernel iliyonse yatsopano, pokhapokha opangawo atapereka madalaivala kudzera mu DKMS, imene imamanganso yokha. N'chifukwa chake munthu akandifunsa asanagule, ndimamukankhira ku makhadi amene dalaivala wake ali kale mkati mwa kernel, monga Hauppauge WinTV-quadHD ya ku Ulaya, ngakhale atakwera mtengo pang'ono. Kumanga madalaivala kumakoka mafayilo ambiri, ndipo magetsi akazima pakati mumayambiranso. Inu amene muli nalo kale, khalani pa Ubuntu ya LTS, yosamalidwa kwa nthawi yaitali, imene imatuluka mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo kernel yakale musamaifufute yatsopano isanaonetse chithunzi.

Amisiri, tili ndi kanyumba kogona alendo ndipo m'zipinda mulibe ma TV. Mwana wa achemwali anga akuti kompyuta imodzi ikhoza kulandira TV n'kumagawira mafoni a alendo pa WiFi popanda intaneti. Akunama?
Mayi wa ku Katawa

Sakunama, Mayi, mwanayo mumusunge. Pulogalamu yake ndi Tvheadend. Imakhala pa kompyuta imodzi yolumikizidwa ku eriyo, ndipo ena onse amaonera kudzera pa rauta ya m'nyumba. Rautayo siifuna bandulo pa ntchito imeneyi, chifukwa zithunzi zikungochoka chipinda china kupita china. Intaneti ifunika tsiku loika mapulogalamu lokha.

Kompyuta yake siyenera kukhala yamphamvu, popeza Tvheadend imangopatsira zimene yalandira osazisintha. Laputopu yakale yosweka sikirini imakwana, ndipo batire lake limakupulumutsani magetsi akathima kwa kanthawi, bola rauta nayonso ikhale ndi pokokera moto. Ena amagwiritsa ntchito Raspberry Pi ndi kakhadi kake kotchedwa TV HAT, kamene kanatuluka mu Okutobala 2018, kali ndi chip ya Sony CXD2880 ndipo kamalandira DVB-T2. Kamadya magetsi ochepa moti ka sola kakang'ono kamakayendetsa.

Mwanayo akaika Tvheadend atsegule browser, alembe adiresi ya kompyutayo ndi :9981 kumapeto. Apange network ya DVB-T, aimangirire ku tuner yoyenera, awonjezere mux (gulu la matchanelo a pa frikwensi imodzi) ndi frikwensi ija yochokera pa dekoda ya neba, asankhe DVB-T2 ndi 8 MHz. Ma service akapezeka adine Map services. Ambiri amaiwala pamenepo n'kumadabwa kuti mndandanda wa matchanelo uli mbee. Pa mafoni alendo aike VLC kapena Kodi; Kodi imalankhula ndi Tvheadend pa 9982 ndipo imaonetsanso ndondomeko ya mapulogalamu ngati woulutsa akuitumiza.

Malire ake muwadziwe musanalonjeze alendo. Frikwensi imodzi ili ngati minibasi: imanyamula matchanelo angapo ulendo umodzi, ndipo tuner imodzi imakwera minibasi imodzi yokha pa nthawi. Alendo atatu akhoza kuonera matchanelo atatu osiyana ngati onsewo ali pa frikwensi imodzi. Wachinayi akafuna tchanelo cha pa frikwensi ina adikire, kapena mugule chipangizo cha ma tuner awiri monga dualHD. WiFi nayonso ili ndi polekezera, makamaka makoma akakhala a njerwa zowotcha, ndiye kompyutayo muilumikize ku rauta ndi waya, mpweya usiyire mafoni.

Mukafuna kujambula nkhani kapena ulaliki kuti alendo aonere mochedwa, werengerani malo. Tchanelo chotumiza ma megabit 2 pa sekondi chimadya pafupifupi 900 MB pa ola, cha HD chimaposa pamenepo kangapo. Muuze Tvheadend izifufuta yokha zakale pakatha masiku amene mwasankha, apo ayi disiki idzadza ndipo pulogalamu idzaleka kujambula osakuuzani.

Popeza kwanuko ndi bizinesi osati pabalaza pa banja, pitani ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso, mukafunse za chiphaso choonetsera zinthu kwa alendo musanayambe. Ndipo mwanayo aike password ya admin pa Tvheadend, alendo awapangire akaunti ina yongoonera, chifukwa mlendo mmodzi wa zala zoyabwa akhoza kufufuta mux yonse ali chigonere m'chipinda chake.